Kompyuta yafika, nanga hard drive tiyimangirira pati?

Awa ndi mawu omwe membala mnzathu, yemwe amakonza makompyuta ndi mafoni pano pa Limbuli, anayankhula pa msonkhano wa kalabu. Tawalemba monga anayankhulira kuti omwe simunabwere muwerenge.

Nkhani yomwe ndapatsidwa ndi ya tinthu tating'ono kwambiri, moti ena mwina museka: ma screw, timphira, kawaya, ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kogwirira hard drive m'kati mwa kompyuta, komwe timati caddy. Sekani, palibe vuto. Koma dziwani kuti chaka chino chokha anthu atatu a m'kalabu muno andibweretsera vuto lomwelomweli, ndipo mmodzi mwa iwo zithunzi za ukwati wa kasitomala wake zinapita zonse. Sinditchula dzina, mwini wake akudzidziwa.

Makompyuta omwe ndikunena ndi tija tating'ono, topanda sikirini, tomwe mutha kuika m'chikwama cha kusukulu n'kukwera nato kabaza. M'litali ndi m'lifupi ndi masentimita pafupifupi 18, kuchindikala kwake osafika masentimita 4. A HP amatitcha Desktop Mini, monga EliteDesk 800 ndi ProDesk 400 kapena 600. A Dell amati OptiPlex Micro. A Lenovo amati ThinkCentre Tiny. Ambiri mwa inu omwe muli ndi malo obenera nyimbo, otaipira makalata kapena oonetsera mafilimu mwayamba kukonda timeneti, ndipo sindikukudabwani. Sitidya magetsi ambiri. Timagwiritsa ntchito chaja ngati ya laputopu, kawirikawiri ya mawati 65, ndiye ngakhale magetsi azime, sola ndi batire zimatha kutiyendetsa.

Pafupifupi tonse timene timafika kuno ndi takaunjika. Tinagwirapo ntchito m'mabanki ndi m'maofesi ku South Africa, ku UK kapena kwina, kenako n'kugulitsidwa. Ndipo tibwerabe tambiri, chifukwa pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10, pomwe Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachi 8 kupita m'tsogolo, kupatulako zochepa chabe. Makampani akunja akuchotsa makina a m'badwo wachi 6 ndi wachi 7 omwe ndi abwinobwino. Kwa ife ndi mwayi.

Vuto limabwera apa. Kampani isanagulitse kompyuta yake, imachotsamo hard drive, poopa kuti zinsinsi za makasitomala zingapite m'manja mwa ena. Munthu yemwe wapatsidwa ntchito yochotsa ma drive m'makina 500 sakhala ndi nthawi yomasula screw imodziimodzi. Amasolola drive pamodzi ndi caddy yake, n'kuponya mulu wokaphwanya. Kompyuta ija imafika ku Limbe ili ndi mphako. Palinso ina yomwe inachokera kufakitale ili ndi SSD yaing'ono yomangirira pa bodi basi, ndiye caddy ndi kawaya kake sizinaikidwemo n'komwe. Wogulitsa sanakubereni ayi, nayenso anaipeza choncho. Ena ogulitsa, pofuna kuti katundu ayende, amaikamo drive n'kuimata ndi selotepi, kapena kuipanikiza ndi katoni. Mukayatsa m'sitolo imayaka bwinobwino. Mukafika nayo kuno, itadutsa m'mabampu onse a msewu wa ku Muloza, mumangoona uthenga woti palibe poyambira.

Tsono musanayambe kusaka chilichonse, dziwani kaye kuti drive yanu ndi ya mtundu wanji, chifukwa mitundu ilipo itatu ndipo iliyonse ili ndi zofuna zake.

Woyamba ndi hard drive yeniyeni ya mainchesi 2.5, yonga ya mu laputopu. M'kati mwake muli timbale tozungulira ka 5400 pa mphindi imodzi, zina ka 7200. Ka 5400 pa mphindi ndiye kuti ka 90 pa sekondi iliyonse. Pamwamba pa timbaleto pamayandama kamutu kowerengera, kosakhudza mbale, koma mpata wake ndi wochepa kuposa tsitsi lanu kutalitali. Drive yotere ikamagwedera, kapena ikagunda chitsulo ili m'kati mogwira ntchito, kamutu kaja kamakanda mbale, ndipo zomwe zinali pamenepo zapita. Ndi zomwe zinachitikira mnzathu wa zithunzi uja. Drive yake inali yongokhazika, ndipo kompyuta inali pa tebulo limodzi ndi sipika yaikulu. Tsiku lonse mabesi akugunda, drive ikuvina nawo. Inapirira miyezi ingapo, kenako inayamba kulira kuti tiki, tiki, tiki, basi.

Wachiwiri ndi SSD ya mainchesi 2.5. Maonekedwe ndi mabowo ndi chimodzimodzi ndi hard drive, koma m'kati mulibe chozungulira. Ndi yopepuka, ndipo kugwedezeka sikuyiopsa kwenikweni. Wachitatu ndi SSD ya M.2, kaja kooneka ngati chingamu chachitali, kolowetsa pa bodi penipeni.

Tiyambe ndi ma screw, poti apa ndi pomwe ambiri timaonongera zinthu ndi manja athu. Drive iliyonse ya mainchesi 2.5, kaya ndi hard drive kaya SSD, imamangidwa ndi screw ya M3. Nambala 3 ikutanthauza kuti kunenepa kwake ndi mamilimita 3. Kutalika kwake kukhale mamilimita 3 kapena 4 basi. Ma hard drive akuluakulu a mainchesi 3.5, a m'makompyuta aja aatali, amagwiritsa ntchito screw ina yotchedwa 6-32, ya muyezo wa ku America. Mukaziika pachikhatho zimaoneka ngati zofanana, koma 6-32 ndi yonenepako pang'ono, ndipo mizere yake yozungulira, yomwe amakaniko amati ma thread, ndi yotalikirana. Mukaikakamiza pa drive yaing'ono imalowa kamodzi kapena kawiri n'kulimba, inu n'kumati yagwira, pomwe yadya ma thread a bowo lija. Lamulo langa ndi ili: screw yoyenera imalowa ndi zala zokha mpaka pafupi ndi kumapeto. Ikafuna mphamvu poyambirira pomwe, si yake, ibwezeni.

Kutalika nakonso n'koopsa. Screw isalowe m'thupi la drive kupitirira mamilimita 3. Ma SSD ambiri ndi kabokosi chabe kokhala ndi kabodi m'kati, ndiye screw yaitali imakagunda kabodiko. Ndinaonapo wina atamanga SSD ndi screw ya matabwa, yosongoka ija. Tisafike pamenepo, abale.

Ya M.2 imafuna screw imodzi yokha, ya M2, yotalika mamilimita 3, yamutu wophwatalala. Kanthu kakang'ono moti kakagwa pansi pa dothi muiwale. Pansi pake payenera kukhala kamtsamiro kachitsulo kokhala ndi bowo, kotchedwa standoff, kuti SSD igone mowongoka. Kamtsamiro kakasowa, inu n'kumanga screw mpaka pa bodi, SSD ija imapindika ngati uta, ndipo tsiku lina idzasiya kuoneka. Makina ena alibe screw pamenepo, ali ndi kapulasitiki kokanikiza ndi chala. Musakazule poganiza kuti n'kachabechabe. Onaninso nambala: 2280 ndiye kuti m'lifupi mamilimita 22, m'litali 80. Palinso 2242 ndi 2230, zazifupi. Ndipo M.2 ina ndi ya SATA, ina ndi ya NVMe, pomwe makina ena amalandira mtundu umodzi wokha. Kabowo kena ka M.2 komwe mungaone pa bodi ndi ka khadi ya WiFi, osati ka SSD.

Nanga ma screw amenewa muwapeza kuti? Ku hardware ya simenti ndi malata musavutike kupitako, kumeneko ndi kwa misomali ndi mabawuti. Pitani kwa okonza malaputopu mupemphe yakufa. Laputopu yakufa ndi nkhokwe. Ma screw anayi omwe amagwira hard drive yake ku kachitsulo kake ndi M3 yaifupi, yeniyeni yomwe mukufuna. Ka screw kogwira khadi ya WiFi nthawi zambiri ndi M2 ya mamilimita 3, yomwe imakwana pa SSD ya M.2. Choyimbira ma DVD cha mu kompyuta yaikulu nachonso chimamangidwa ndi M3, kungoti muyeze kutalika. Ma screw a m'mafoni ayi, ndi ang'ono kwambiri, salowa paliponse apa.

Tsopano caddy yeniyeniyo. Apa kampani iliyonse inapanga zake, ndipo ngakhale m'kampani imodzi, ya chaka china siyikwana pa ya chaka china.

Mu Dell OptiPlex Micro, monga 3050 ndi 7050, caddy ndi yapulasitiki, yabuluu, yosafuna screw. Ili ndi timano tinayi tolowa m'mabowo a m'mbali mwa drive, kenako mumaitsetsereka mpaka italira kuti khethe. Polumikizira pake ndi powotcherera pa bodi penipeni, palibe waya. Ubwino wake ndi woti palibe waya woti asowe. Kuipa kwake ndi koti mukalowetsa drive popanda caddy, kulemera konse kwa drive kumakolekeka pa polumikizira paja. Pakathyoka, simukusakanso kapulasitiki, mukusaka bodi yonse.

Mu HP Desktop Mini muli kakhola kachitsulo, ndipo drive imalowa m'kakholamo pogwiritsa ntchito ma screw anayi apadera, a M3, okhala ndi kamphira kabuluu kozungulira mutu. Mitu yake ndi yomwe imatsetsereka m'timipata ta kakhola, ndipo timphira tija timamwa kunjenjemera. Screw wamba imalowa mu drive, koma mu kakhola imangogwedera. A HP amakondanso ma screw a mutu wa nyenyezi, otchedwa Torx T15, ngakhale ambiri ali ndi mzere woti screwdriver yophwatalala igwire. Musanapite kukagula, ngati pali HP yaikulu yakale yomwe ili pafupi, itseguleni. M'makina ambiri otero a HP ankamangiriramo ma screw apadera osungira, kutsogolo kuseri kwa chivundikiro. Muone bwino, chifukwa ena mwa iwo ndi 6-32.

Mu Lenovo Tiny muli kachitsulo kogonekapo drive, ndipo m'makina monga M710q ndi M720q mumakhalanso kawaya kake kolumikiza drive ku bodi. HP zambiri nazonso zili ndi kawaya kotere, kopyapyala ngati riboni. Ndikuuzeni zoona: pa zinthu zonse zomwe ndatchula lero, kawaya aka ndiye nkhani. Screw mupeza, kachitsulo mutha kupangitsa, koma kawaya simungapange, ndipo ka kompyuta ina sikalowa pa inzake. Polowetsa pake pa bodi pali kachitseko kakang'ono kotukula ndi chikhadabo. Tukulani kaye, kenako solola. Mukakoka mwamphamvu kachitseko kamathyoka.

Ndiye ngati mukufuna kuitanitsa, musatumize uthenga woti "ndikufuna caddy ya HP". Zili ngati kupita ku Chitakale n'kunena kuti ndikufuna tayala, osatchula kuti la njinga kapena la lole. Tembenuzani kompyuta muwerenge chomata chapansi. Lembani dzina lonse, monga EliteDesk 800 G3 Desktop Mini, chifukwa G2 ndi G3 ndi zosiyana, ndiponso Mini ndi SFF ndi zosiyana ngakhale nambala ikhale imodzi. Ya Dell ili ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7. Makampani onse atatu anaika mabuku okonzera makina awo pa intaneti kwaulere. La HP limatchedwa Maintenance and Service Guide, la Lenovo ndi Hardware Maintenance Manual, ndipo Dell nayo ili ndi lake pa dzina la makina aliwonse. Muli zithunzi zoonetsa chomwe chikusowa, ndipo mu la HP muli ndi manambala a zipangizo. A Lenovo nambala yotero amaitcha FRU. Bandulo yochepa yomwe muthere potsitsa bukulo ndi yotchipa kuposa thiransipoti yopita ku Limbe kawiri.

Ndipo thiransipoti ndiyo imapweteka. Kapulasitiki kenikeniko si kodula, koma minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerako, kuphatikizapo tsiku lonse lomwe bizinesi yatsekedwa, zimaposa mtengo wake. Choncho jambulani chomata, jambulani m'kati mwa kompyuta mooneka bwino, mutumize pa WhatsApp kwa wogulitsa. Naye akutumizireni chithunzi cha chomwe ali nacho musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Akati "bwerani tidzaona", musakwere. Mukaganiza zopita, nyamulani kompyuta yomwe, mukayesere pomwepo iye akuona. Funsaninso ngati ali ndi makina akufa a mtundu wanu, chifukwa ambiri sasunga ma caddy pa shelefu, koma kuseri ali ndi mulu wa makina oonongeka bodi omwe caddy ndi kawaya zili bwinobwino.

Omwe muli ndi achibale ku Johannesburg kapena ku Cape Town, njira imeneyo ndi yabwino, poti kumeneko ogulitsa makina akale a m'maofesi ndi ambiri. Koma achimwene anuwo sadziwa kusiyana kwa G2 ndi G3, ndipo nawonso amatopa ndi ntchito. Atumizireni nambala ndi chithunzi, osati nthano. Pa eBay ndi AliExpress zinthu izi zilipo zambirimbiri, kungoti pamafunika khadi ya kubanki yolipirira kunja, ndipo vuto la ndalama zakunja m'dziko muno mukulidziwa nokha. Katundu amatenganso masabata. Ngati tingadutse njira imeneyi, tisonkhane anthu angapo tiitanitse kamodzi.

Nanga zikakanika zonsezi? Apa ndiyankhula mosiyanitsa, ndipo mumvetsere bwino. Ngati drive yanu ndi SSD ya mainchesi 2.5 ndipo kawaya kalipo, kupanga zanuzanu n'kololedwa. Tepi yomata mbali zonse, yochindikala ngati siponji, imagwira bwino. Timalamba tapulasitiki tomangira mawaya natonso timathandiza. Chofunika n'chakuti SSD isagwedere, isatseke njira ya mphepo ya fani, ndipo thupi lake, makamaka likakhala lachitsulo, lisakhudze bodi, kuopa shoti. Ikani kapulasitiki kolimba pakati. Selotepi wamba ayi: m'kati muja mumatentha, guluu wake amasungunuka, ndipo ndi chinyezi chathu cha kuno ku Mulanje amamatuka msanga. Katoni nayo imamwa chinyezi, ndipo mphemvu zimaikonda.

Ngati ndi hard drive yozungulira ija, sindikulangizani tepi ya mtundu uliwonse. Imafuna kumangidwa molimba pa ma screw anayi, ndi mphira pakati. Timphira mutha kudula ku chubu chakale cha njinga, n'kuboola pakati. Anzathu okhoma zidebe pamsikapa amatha kupinda kachitsulo kabwino mukawapatsa miyezo, ndipo miyezoyo ndi imodzi pa ma drive onse a mtunduwu. M'lifupi mwa drive ndi mamilimita 69.85, m'litali pafupifupi 100. Mabowo awiri a m'mbali atalikirana mamilimita 76.6, ndipo loyamba lili mamilimita 14 kuchokera kumapeto komwe kuli polumikizira. Mabowo apansi, kuchoka kumanzere kufika kumanja, atalikirana mamilimita 61.72. Njira yosavuta ndi kugoneka drive yakufa pa pepala, n'kulemba mabowo, n'kuwapatsa pepalalo. Kuboola ndi kupala kuchitikire kutali ndi kompyuta, ndipo kachitsuloko mukapukute bwino, chifukwa kaphulusa kamodzi kachitsulo kakagwera pa bodi nkhani yatha. Onaninso kuchindikala: ma drive ena ndi mamilimita 7, ena 9.5, ndiye chivundikiro chiyenera kutsekeka osapanikiza. Pa hard drive zambiri pali kabowo kakang'ono kopumira, ena amalembapo kuti musatseke. Musatsekedi.

Maganizo anga, ngati ndalama ikulola, ndi oti hard drive yozungulira musayiikenso m'kati mwa timakina timeneti. Ngati bodi ili ndi malo a M.2, gulani SSD ya M.2, vuto lonse la caddy ndi kawaya lithere pa screw imodzi. Windows ndi mapulogalamu zikhale mmenemo. Hard drive yaikulu ya nyimbo ndi mafilimu muyiike m'kabokosi kake kakunja kolumikiza pa USB 3.0, mabowo aja omwe nthawi zambiri amakhala abuluu m'kati kapena olembedwa SS, n'kukakhazika pa nsalu, kutali ndi sipika. Wina anena kuti kakunja n'kosavuta kuba. Zoona. Koma n'kosavutanso kunyamula madzulo popita kunyumba, ndipo ife omwe tinaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti katundu wonyamulika m'thumba ndi amene amapulumuka.

Potsegula kompyuta, zulani chaja kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze bodi. Ma screw muziika m'kachivundikiro ka botolo, osati pa mphasa. Ndipo musanasunthe drive yomwe muli zinthu za anthu, ma CV, zithunzi, makalata a sukulu, koperani kaye kwina. Alongo athu omwe mwayamba kuphunzira zokonzakonza, ntchito iyi ndi yanu ndithu. Sifuna mphamvu, imafuna maso ndi kudekha, ndipo makina ambiri omwe amandipeza atathyoka tizitseko amakhala atagwiridwa ndi anyamata othamanga magazi.

Omwe simunagule, mwapulumuka, chifukwa mankhwala ake ndi osavuta. Timakina timeneti timatseguka ndi screw imodzi yakumbuyo, tina ndi kachogwirira chabe. Muuzeni wogulitsa atsegule inu mukuona. Yang'anani ngati caddy ilimo, ngati kawaya kalimo, ngati ma screw onse anayi alipo, ngati pa M.2 pali screw ndi kamtsamiro kake. Chikasowa chimodzi, nenereranipo mtengo, kapena akuchotsereni mu ina. Akakana kutsegula, sitolo si imodzi.

Pomaliza, a wapampando, ndili ndi pempho. Tikhale ndi chitini cha kalabu chosungiramo tizipangizo timeneti. Aliyense yemwe ali ndi laputopu yakufa, kompyuta yakale kapena choyimbira ma DVD chomwe chikungodya malo kunyumba, abwere nacho pa msonkhano wotsatira. Ine ndibweretsa ma screwdriver ndi rula, tidzamasule limodzi, tisiyanitse M2, M3 ndi 6-32 m'timabotolo tosiyana, tilembepo. Mlembi atsegule tsamba m'kope lolembamo mtundu wa kompyuta ya membala aliyense ndi chomwe chikusowa, kuti wina akamapita ku Limbe pa zake anyamule mndandandawo. Omwe muli ndi makina omata ndi selotepi, bwerani nawo tsiku lomwelo, koma muwazimitse kaye musanakwere nawo njinga.

Ngati pali mafunso, ndilipo.